Chikomekome cha Nkhuyu: Masewera ndi Khomo la Yunivesite ku America

Akuluakulu akale adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ankanena za chinthu chokongola pamaso, chimene chimanyenga munthu amene sadaching'ambe kuti aone za m'kati. Mwambi umenewu ukuyenera kufika m'makutu a mabanja amene akulera ana ku United States of America, kuphatikizapo adzukulu a Amalawi amene akukulira kumeneko. M'dzikolo muli chikhulupiriro chakuti mwana akamachita bwino masewera kusekondale, khomo la yunivesite limamutsegukira lokha. Makolo amadzuka m'bandakucha kuperekeza ana kubwalo, amalipira makochi, amathera malipiro awo pa maulendo a mipikisano. Komatu m'chikhulupiriro chimenechi choona n'chochepa, chinyengo ndiye chochuluka.

Chaka chilichonse ana pafupifupi 8 miliyoni amasewera m'matimu a sukulu zasekondale za ku America. Bungwe la NCAA, limene lidakhazikitsidwa mu 1906 ndipo limayang'anira masewera m'mayunivesite oposa 1,000, lili ndi osewera ongopitirira pang'ono 500,000. Bungwe lomweli limavomereza kuti mwa ana 100 alionse osewera kusekondale, pafupifupi 2 okha ndiwo amapeza thandizo la ndalama za maphunziro chifukwa cha masewera, ndipo ambiri mwa iwo amalandira gawo chabe la fizi. Mayunivesite a gulu la Division III sapereka thandizo lotere. Ngakhalenso mayunivesite 8 otchuka a Ivy League, monga Harvard, Yale ndi Princeton, sapereka.

Pamenepa pali mitundu iwiri ya osewera, ndipo wosaisiyanitsa ndiye amagwa m'mbuna. Woyamba ndi mwana wamba amene adasewera mpira zaka zinayi, mwinanso adali kaputeni. Zimenezi amazilemba pa fomu yofunsira malo, ndipo osankha amaziona ngati umboni wa khama, monga momwe amaonera kuimba kwaya kapena kugwira ganyu. N'zothandiza, koma sizikweza magiredi otsika. Wachiwiri ndi amene kochi wa payunivesite wamusankha yekha n'kupereka dzina lake ku ofesi yolandira ophunzira. Ameneyu salowera pakhomo la onse. Ali ndi lakelake.

Kukula kwa khomo lapaderali kudaonekera poyera mu 2018, pa mlandu umene bungwe la Students for Fair Admissions lidasumira Harvard m'bwalo la milandu la ku Boston. Zikalata za yunivesiteyo zidasonyeza kuti mwa osewera 100 alionse osankhidwa ndi makochi, 86 ankalandiridwa, pamene mwa ofunsira ena onse ankalandiridwa pafupifupi 6 okha. Ameneyo salinso mpikisano. Wina akuyambira pamzere woyambira, mnzake wamuimika kale pafupi ndi chingwe chomalizira.

Wina anganene kuti palibe cholakwa, pakuti luso la thupi nalonso ndi mphatso, ndipo pagule fumbi ndiwe mwini. Anganenenso kuti mpira wa basiketi ndi mpira wachiamerika zidatulutsa ana ambiri osauka mu umphawi, ndi kuti lamulo la Title IX la mu 1972 lidatsegulira atsikana mabwalo amene adali a anyamata okha. Zonsezi n'zoona, ndipo wozikana ndi wosaona mtima. Koma Harvard ili ndi matimu 42, ndipo ambiri mwa iwo si a masewera a mwana wa m'khwalala. Muli kupalasa bwato, kuyendetsa mabwato a thanga, gofu, tenisi, squash, kulimbana ndi malupanga, ndi kutsetsereka pa chipale chofewa. Sukulu yaboma ya m'dera la anthu osauka ilibe nyanja, ilibe mabwato, ilibe bwalo la squash. Mwana amaphunzira zimenezi kusukulu zolipira kapena kumakalabu a anthu achuma. Motero chimene chikutchedwa mphotho ya luso, kawirikawiri chimakhala mphotho ya thumba la atate.

Akatswiri a zachuma atatu, Raj Chetty, David Deming ndi John Friedman, adatsimikiza zimenezi mu 2023. Adapeza kuti ana a mabanja olemera kwambiri, aja a 1 pa 100 apamwamba, ali ndi mwayi woposa kawiri wophunzira m'mayunivesite otchukawa poyerekeza ndi ana a mabanja apakati amene adakhoza mayeso mofanana nawo. Mwa zifukwa zitatu zimene adatchula, chimodzi chidali kusankha osewera kumeneku.

Khomo losalondedwa limaitana mbala. Mu Marichi 2019 boma la America lidaulula chinyengo chimene chidatchedwa Operation Varsity Blues, ndipo anthu 50 adaimbidwa milandu. Mkulu wina, Rick Singer, adalandira ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni kwa makolo olemera, zina n'kumapereka ziphuphu kwa makochi kuti alembe ana osadziwa masewera ngati akatswiri. Lori Loughlin, wochita zisudzo wotchuka, pamodzi ndi mwamuna wake Mossimo Giannulli, adapereka madola 500,000 kuti ana awo aakazi awiri alowe ku University of Southern California ngati a timu yopalasa bwato, chonsecho sankachita masewerawo. Mlandu suwola: mayiyo adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi iwiri, mwamuna wake isanu, ndipo Singer mu 2023 adalamulidwa zaka zitatu ndi theka. Koma Singer sadaboole khomo limenelo. Adalipeza lili chitsegukire.

Nanga bwanji sililutsekedwa? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ophunzira akale amene adasewera m'matimuwa ndiwo ena mwa opereka ndalama ku mayunivesite. Mu 2020 Stanford idalengeza kuti ithetsa matimu 11, kuphatikizapo a squash, malupanga ndi mabwato a thanga. Ophunzira akale adadzuka, adasonkha ndalama, osewera ena adapita kukhoti, ndipo mu 2021 yunivesiteyo idabweza mawu ake. Mu Juni 2023 Khoti Lalikulu la America lidaletsa mayunivesite kuganizira mtundu wa munthu polandira ophunzira, ponena kuti onse ayesedwe mofanana. Khomo la osewera silidakhudzidwe.

Yunivesite ndi nyumba ya maphunziro. Wosewera ayenera kuyamba wapambana pa muyeso umodzi ndi anzake, kenako n'kuvala yunifolomu ya timu. Malo alionse operekedwa kwa wopalasa bwato wa magiredi ofooka ndi malo olandidwa kwa mwana amene adagona usiku ali pabuku.

Mdzukulu wokonda mpira asewere ndithu. Masewera amalimbitsa thupi, amaphunzitsa kumvera, kugwirizana ndi kupirira pogonja. Koma asawasandutse khasu lolimira tsogolo lake. Bondo limathyoka tsiku limodzi, kochi amasintha ntchito, dzina limafufutidwa pamndandanda. Chimene chalowa m'mutu sichithyoka. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.