Inki ya amalume ndi pepala la nyumba ku Marapodi

Sabata yatha ndinayenda Cairo Road yonse, ndinalowa mu Freedom Way, mpaka ku Kamwala, kufunafuna botolo limodzi cabe la inki ya peni yothira, ija imene aphunzitsi akale anali kupacika pathumba la shati. Mtsikana wa m'shopu ina anandiyang'ana kucokera kumutu mpaka kunsapato. "Ba uncle, ivo vinasila kudala. Tengani cabe bopeni."

Inu amene muwerenga izi mutapanikizana anayi pampando wa basi mungafunse kuti mavuto onse ali mu Lusaka, munthu nkuvutika ndi inki? Imvani nkhani yake.

Amalume anga anali mphunzitsi. Atapuma nchito anakhala mlembi wa dera lathu ku Marapodi, popanda wina wowasankha. Wogulitsa nyumba, wogawa poloti, wobwereketsa ndalama, onse anali kubwera pakhonde pao. Iwo anali kulemba kalata, kuika manambala a NRC a wogula, wogulitsa ndi mboni, ndiyeno kukopera zonse m'buku lao la cikuto colimba. Inki yao inali yacilendo. M'nyumba inali kuoneka yakuda bii, koma ukaika pepala padzuwa, m'mphepete mwa zilembo munali kutuluka kufiira ngati maheu a mapira. Anali kusakaniza okha inki yakuda ndi yofiira ija yocongera mabuku a ana a sukulu.

Amalume atamwalira, mnansi wathu wina nayenso anatisiya. Maliro asanaiwalike, kunabwera mwamuna ndi kalata yonena kuti malemuyo anamugulitsa nyumba mu 2009, ndipo wolemba kalatayo ati anali amalume. Zilembo zinali zofanana ndithu. Mai wamasiye anangokhala pansi, ana atatu atamuzungulira. Pamsonkhano wa acibale ndi akuluakulu a dera, azakhali anatulutsa buku lija. Mu 2009 yense munalibe kalata yotero. Mwamunayo anati mwina mudala anaiwala kukopera. Azakhali anapempha madzi m'kapu, nadonthezera pakona pa tsamba limodzi la buku. Inki inasefukira, nkusiya mkombero wofiirira. Anadonthezeranso pakalata ya mlendoyo, sipanatuluke kufiira kulikonse. Munthu uja anati adzabweranso ndi mboni. Mpaka lero tikali kumuyembekeza.

Apa panalibe mankhwala. Inki zambiri za peni yothira ni utoto wosungunulidwa m'madzi. Pepala likanyowa, utoto uliwonse umayenda paliwiro lake, ndiye mitundu imene inabisala m'cakuda imaonekera. Mwana wa sukulu angakuonetseni zimenezi ndi kapepala kosefera.

Koma funso lalikulu ni ili: n'cifukwa ciani nyumba ya mai wamasiye, ya mabuloko ndi malata, inatsamira pa dontho la madzi?

Makomboni athu anayamba popanda mapepala. Dzina lakuti Marapodi linacokera kwa Marrapodi, Mtaliyana amene anali kuocha laimu ndi njerwa kuno Lusaka isanakhale likulu mu 1935. Anchito anamanga pafupi ndi nchito, acibale anatsatira, komboni inakula. Mu 1974 boma linaika lamulo la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act, limene linalola khonsolo kupereka occupancy licence ya zaka 30 kwa okhala m'makomboni ovomerezeka. Mu 2015 nkhanizi zinalowa m'lamulo latsopano la Urban and Regional Planning Act. Palinso National Land Titling Programme imene yakhala ikupereka mataito m'madera ena a mzinda uno. Njira ilipo, ndipo si ya dzulo.

Nanga n'cifukwa ciani ambiri a ife ku Kanyama, George, Chawama ndi kuno kwathu tikali kusunga kalata ya pamanja pansi pa matilesi? Ndafunsa anthu m'basi ndi pamsika, mayankho ni amodzimodzi. Wogulitsa tomato akatseka tsiku limodzi kuti akaime pamzere, ana agona ndi njala. Wina aopa kuti akangoonekera ku ofesi, amukumbutsa ngongole ya ground rent ya zaka zambiri. Wina nyumba inadutsa m'manja anayi, ndipo pepala likali m'dzina la munthu amene anabwerera kumudzi kale. Wina akuti, "Onse aziba kuti ni panga apa." Zoona, onse adziwa, kufikira tsiku limene odziwawo ali ku Chingwere.

Ndipo imfa ndiyo imatsegulira akuba citseko. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limati munthu akamwalira osasiya wilo, nyumba ikhala ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Koma lamulo liteteza nyumba imene ikali ya malemu. Wina akaonetsa kalata yakuti inagulitsidwa kale, mkazi wamasiye ayamba ndi kutsutsa pepala, pamene mwini siginecha sangathenso kulankhula. Ndipo tisadzinamize: dontho la azakhali linagwira nchito cifukwa wabodzayo anacita mantha pamaso pa anthu. Kukhoti akanafunsa zambiri kuposa mtundu wa inki.

Pali cinanso cowawa. Inki imene inapulumutsa nyumba ija ndiyo imene madzi amaidya msanga. Mu Januwale 2024, nthawi ija kolera inasandutsa Heroes Stadium kukhala cipatala, madzi a mvula analowa m'nyumba ya azakhali usiku. Buku linali m'katoni pansi pa bedi. Masamba akumunsi lero ni mtambo wofiirira, maina ndi manambala zinapita. M'masamba amenewo munali nyumba za anthu. Ndiye cifukwa cake olemba kaundula wa maukwati ku England amagwiritsa nchito inki ya mtundu wina, yokhala ndi citsulo, imene imaluma pepala ndipo madzi saicotsa.

Manje n'cifukwa ciani ndinali kufuna inki m'tauni? Anthu akali kubwera pakhonde paja, ndipo azakhali anati, "Iwe ndiwe unaphunzira, tenga peni ya amalume ako." Mnzanga woyendetsa thiraki anandibweretsera mabotolo awiri a Pelikan 4001 kucokera ku Johannesburg, lakuda ndi lofiira. Ndinayamba molakwa, kuthira yofiira pang'ono mu yakuda. Yakuda inameza zonse. Njira yake ni kuyamba ndi yofiira m'kacibekete, nkumadonthezera yakuda pang'onopang'ono, uku ukuyesa papepala ndi kudikira kuti iume. Sakanizani za kampani imodzi, pang'ono cabe, ndipo muisiye igone usiku kuti muone ngati siikupanga matope pansi. Inki ya sitampa kapena ya pulinta musaiyese, itseka peni.

Mtundu wa amalume ndaupeza, kapena pafupi nao. Koma ndasintha zinthu zitatu. Kalata iliyonse ndimaijambula pafoni, wogula ndi wogulitsa aliyense atenga cithunzi cake. Buku likhala m'pulasitiki, pamwamba pa wadiropu. Ndipo pansi pa kalata iliyonse ndimalemba tsiku limene awiriwo agwirizana kupita limodzi ku Civic Centre, mu Independence Avenue, kukasintha dzina. Wokana tsiku limenelo sindimulembera.

Mai wamasiye uja tinapita naye mwezi watha. Tinakwera basi ya 06:00, tinabwerako dzuwa litapendeka, ndipo atiuza kuti tibwerenso ndi mapepala ena awiri. Tidzapita. Inunso mukatsika pasiteshoni madzulo ano, kwezani matilesi muone ngati pepala lanu likali kuwerengeka. Mvula siili kutali.