Malamulo a bizinesi afike pakhomo pa wamalonda wa kwa Chigaru

BLANTYRE – Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kuchokera mumzinda wa Blantyre kulowera ku Zalewa amaona yekha kuti moyo wa anthu a kwa Mfumu Chigaru ndi madera oyandikana nawo watsamira pa malonda ang'onoang'ono. Pa Lirangwe ndi pa Mdeka pali magolosale, zigayo, mabutchala, malo owotcherera zitsulo ndi ogula mbewu, ndipo nkhani ndi yomweyo ku Chileka, komwe malonda akula chifukwa cha bwalo la ndege ndi kuchuluka kwa anthu omanga nyumba.

Funso lomwe likuyenera kuvutitsa ogwira ntchito m'boma ndi lakuti: mwa mabizinesi onsewa, ndi angati omwe ali ndi zikalata zonse zomwe malamulo amafuna?

Chithunzi cha dziko lonse chimapereka yankho. Kafukufuku wa FinScope wa mu 2019 adapeza kuti m'dziko muno mudali mabizinesi ang'ono ndi apakatikati pafupifupi 1.6 miliyoni, ndipo 89 mwa mabizinesi 100 aliwonse adali osalembetsedwa. Nkwapafupi kunena kuti eni ake ndi ozemba malamulo, koma kuunika bwino kukusonyeza kuti vutoli lagona pena.

Choyamba, lamulo lokhudza bizinesi si limodzi, ndipo khomo lolowera si limodzinso. Mwini golosale pa Lirangwe amayenera kulembetsa bizinesi yake motsatira lamulo la Business Registration Act la mu 2012. Akatero, amayenera kutenga laisensi ku khonsolo ya boma la Blantyre, yomwe amailipira chaka ndi chaka. Bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, lomwe lidayamba ntchito mu 2000, limafuna kuti akhale ndi nambala ya msonkho yotchedwa TPIN. Ngati amayeza shuga, mpunga kapena chimanga, sikelo yake imayenera kupimidwa ndi a bungwe la Malawi Bureau of Standards. Ngati amagulitsa zakudya, alangizi a zaumoyo amayenera kuyendera malo ake, ndipo akalemba wantchito ngakhale mmodzi, lamulo la Employment Act la mu 2000 limamukhudza pa nkhani ya malipiro, tchuthi ndi kachotsedwe ka munthu pantchito.

Lililonse mwa malamulowa lili ndi chifukwa chomveka. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, udakumbutsa Amalawi kuti ukhondo wa pachiwaya ndi m'malesitilanti ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Sikelo yopimidwa imateteza mlimi wa nandolo kapena thonje kwa vendala wakuba. Lamulo la nkhalango, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020, likulimbana ndi malonda a makala opanda chilolezo, omwe matumba ake amaoneka panjinga m'mbali mwa msewu womwewu.

Koma kwa wamalonda wa mpamba wochepa, malamulo onsewa amafika ngati ulendo ndi ndalama. Maofesi ambiri ali mumzinda, choncho kutsata chikalata chimodzi kumatanthauza kutseka golosale tsiku lonse, kulipira minibasi ulendo wopita ndi wobwerera, ndipo mwina kubwezedwa chifukwa pepala lina laperewera. Kuchokera pomwe ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, mpamba wa ambiri udafota, ndipo ndalama iliyonse yosalowa m'katundu amaiona ngati yotayika. Nzoona kuti masiku ano bizinesi ingathe kulembetsedwa pa intaneti, koma njirayi imafuna foni yamakono, ndalama ya bando ndi munthu womva Chingerezi cha pafomu.

Chachiwiri, wamalonda ameneyu sadziona ngati wozemba. Wogulitsa pamsika amadula chiphaso tsiku lililonse lomwe wayala malonda, ndipo mwini sitolo amalipira laisensi, molingana ndi mphamvu zomwe lamulo la maboma ang'ono la mu 1998 lidapereka ku makhonsolo. M'maganizo mwake, ngongole yake kuboma yathera pomwepo. Akamva za kulembetsa, amangoona khomo lina la msonkho. Ndipo pamene msika ulibe chimbudzi, madzi kapena potaya zinyalala, nkovuta kumutsimikizira kuti chikalata china chimubweretsera phindu. Nchifukwa chake m'maboma angapo amalonda akhala akunyanyala kudula ziphaso ponena kuti saona komwe ndalama zawo zimapita.

Pali umboni wochokera m'dziko momwe muno wosonyeza chomwe chimasintha maganizo otere. Kuyambira mu 2012, akatswiri a Banki Yaikulu Padziko Lonse, Francisco Campos, Markus Goldstein ndi David McKenzie, adatsata mabizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 3,000 m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Eni ake ena adathandizidwa kulembetsa kwaulere, zikalata zikuwapeza pamalo awo a malonda, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse adavomera ndi kulandira satifiketi. Koma omwe adapatsidwanso mwayi wolembetsa za msonkho, ochepa zedi ndiwo adaulandira.

Chofunika koposa nchakuti satifiketi payokha siidakweze phindu la bizinesi. Kusintha kudaoneka mwa omwe adalembetsa kenaka nkukumana ndi a banki, omwe adawafotokozera za akaunti ya bizinesi ndi ubwino wolekanitsa ndalama za malonda ndi za pakhomo. Pagulu limeneli, malonda adakwera ndi 20 pa 100 ndipo phindu lidakwera ndi 15 pa 100.

Ngakhale kafukufukuyu adachitika m'mizinda, phunziro lake likukwanira bwino kwa Chigaru, komwe maofesi ali kutali kuposa kwa wamalonda wa ku Ndirande kapena ku Limbe. Anthu sakana lamulo likawafikira pafupi ndi pamtengo wotsika, koma amalikangamira pokhapokha likawatsegulira khomo. Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno: wamalonda amawerengera phindu lomwe angaligwire, osati lonjezo.

Khomo lina lotere ndi la malonda ndi boma. Mu 2020, boma lidakhazikitsa lamulo lopereka danga kwa mabizinesi ang'ono ndi apakatikati pogula katundu ndi ntchito za boma. Kalipentala wa ku Chileka angathe kukhoma madesiki a sukulu ndipo gulu la alimi a pa Mdeka lingathe kugulitsa nyemba kusukulu yogonera konko, koma popanda satifiketi, TPIN ndi akaunti ya kubanki, ntchito zotere zimapita kwa a mumzinda omwe ali ndi mapepala.

Boma nalo lili ndi mbali yake pa kusasinthasintha. Lamulo loletsa majumbo opyapyala, osafika ma micron 60, lidakhazikitsidwa mu 2015, koma makampani opanga mapulasitiki adalitsekereza ndi ziletso za kukhoti, ndipo ngakhale bwalo lalikulu la apilo lidaligamula mokomera boma mu 2019, milandu ina idapitirira kwa zaka. Nthawi yonseyo wogulitsa tomato pa Lirangwe sankadziwa ngati jumbo yomwe wapikula ndi yololedwa kapena ayi. Lamulo likamagwira lero nkugona mawa, wovutika ndi wamng'ono yemwe amalandidwa katundu, pomwe wopanga katunduyo ali kukhoti.

Zoyenera kuchita sizifuna lamulo latsopano. Maofesi a zamalonda, misonkho, zaumoyo, zantchito ndi opima masikelo angathe kupita limodzi pa tsiku la msika, nkuthandiza anthu kulembetsa pamalo amodzi, a mabanki ali pomwepo. Mitengo ya malaisensi iyenera kumatidwa poyera m'Chichewa, risiti iperekedwe pa ndalama iliyonse, ndipo khonsolo izilengeza kudzera m'makomiti a chitukuko a m'madera ndalama zomwe yatolera pamsika ndi ntchito yomwe zagwira. Woyendera malo a malonda ayambe ndi kulangiza ndi kupereka nthawi yokonza zolakwika, chindapusa chibwere kwa wokanika.

Kupambana kwa ntchitoyi sikudzayezedwa ndi kuchuluka kwa masitolo otsekedwa kapena katundu wolandidwa. Kudzaoneka pamene mwini chigayo wa kwa Chigaru adzapita yekha kukakonzetsa laisensi yake chaka chikatha, podziwa kuti pepalalo ndi lomwe lidamupezetsa ngongole kubanki ndi msika kusukulu yapafupi.