Chidole changa chinkavala za pansi pa makina

Loweruka lapitali, ndikusanthula mulu wa kaunjika kumsika, ndinatola chidole pakati pa nsapato za ana. Anali Barbie, ali mbulanda, tsitsi lili nyankhalala. Nditafunsa za zovala zake, mnyamata wogulitsayo anaseka. "Amayi, za m'belo zimabwera choncho. Tengani, mwana akasangalale." Mwana wamng'ono ndilibe pakhomo, koma ndinagula.

Ife chidole sitinkagula. Chinkakhala chitsononkho, kapena chimanga chanthete chokhala ndi ndevu zofiirira zija, zomwe tinkaluka ngati tsitsi mpaka agogo atatigwira tikuthyola m'munda. Kupeza chidole sinali nkhani. Ntchito inali kuchiveka.

Pakhonde la sitolo pankakhala atelala ndi makina awo a Singer opalasa ndi mapazi, ndipo chuma chathu chinali pansi pa makinawo. Tinkafika n'kugwada: "Odi atelala, tithandizeniko tizigamba." Akadzuka bwino ankangotikankhira ndi phazi osatiyang'ana n'komwe. Akadzuka moipa, tinkayamba tasesa khonde lonse. Ulusi tinkasomola kuthumba la feteleza, singano n'kubwereka ya amayi iwo asakudziwa, nsalu n'kumadula ndi lezala yotha ntchito ya abambo. Chipsera chili pachala changa chamkombaphala n'cha lezala imeneyo.

Kumasanje, nsalu iliyonse tinkaidziwa mwiniwake. Kansalu koyera ka duku kanatsala pa bulauzi ya amayi a Mvano, kabuluu pa yunifolomu ya sukulu, konyezimira pa diresi la ukwati womwe unatha chaka chisanathe. Ndewu zathu zambiri zinkayambira pa konyezimirako.

Tsiku lina ndinapeza chigamba chachitali koma chopapatiza. Ndinabaya timitengo tiwiri kunsi kwa chitsononkho, n'kusoka thalauza. Agogo ataona anagwira pakamwa: "Iwe mwana, ukufuna utimangitse?" Nthawiyo lamulo la mu 1973 loletsa akazi kuvala thalauza ndi masiketi aafupi linali likadali ndi mano, linadzachotsedwa mu 1993. Agogo ankaseka polankhulapo, komabe thalauzalo linathera pamoto.

Barbie ndagulayu mbiri yake ndi ya zovala zomwezo. Ruth Handler wa kampani ya Mattel anamuonetsa koyamba ku New York mu 1959, atavala chosambira cha mizere yakuda ndi yoyera, pamtengo wa madola 3. Zovala zina zinkagulitsidwa padera, ndipo zoyambirirazo ankasoka pamanja ndi amayi a ku Japan ali m'nyumba zawo. Lero ku America ndi ku Ulaya kuli akuluakulu, ena aimvi, osonkhanitsa zidole zakalezo. Barbie wa mu 1959 amamugula madola masauzande, ndipo kadiresi komwe sikanatulutsidwepo m'paketi yake ndiye kamakwera mtengo kwambiri.

Anthuwa sindiwanyoza. Akusunga ntchito ya manja a amayi omwe mayina awo sanalembedwe pa kolala. Koma chidole chomwe sichinavulidwepo, sichinaberekedwepo kumbuyo, sichinagonepo panja n'kunyowa ndi mame, chimandimvetsa chisoni ngati mbale za m'kabati zodikira alendo osabwera.

Lolemba ndinapita kwa telala wa m'dera lathu kukapempha zigamba. Ulendo uno sindinagwade, mawondo sakulolanso. Telalayo anandiuza kuti zigamba masiku ano zili ndi eni, osoka zopondera pakhomo amadzatenga, koma anandipatsako tiwiri ta chitenje. Singano ndinachita kupempha mwana wa oyandikana nawo kuti andilowetsere ulusi. Kusokako kwanditengera madzulo atatu, ndipo nditamuveka Barbie ndinaona kuti diresilo ladutsa mawondo, ngakhale agogo anatisiya kalekale.