Njinga yabwerera m'tauni, koma msewu sudaikonzekere

Pamene bungwe la Mera, lomwe limaika mitengo ya mafuta a galimoto m'dziko muno, lidakweza petulo kuchoka pa K2 530 kufika pa K3 499 pa lita kumayambiriro kwa Okutobala 2025, nkhani idali m'kamwam'kamwa idali ya eni galimoto ndi mitengo ya minibasi. Koma padali anthu ena amene sadadikire kuti mtsutsowo uthe. Adatsitsa njinga yomwe idakhala zaka ili pakhoma, n'kumata chubu, kudontheza oyilo patcheni, m'mawa mwake ulendo wa kuntchito.

Amene amalawirira mumzinda wa Lilongwe akudziwa kuti pamsewu wa Likuni wochokera ku Chinsapo, pa M1 polowera kumafakitale a ku Kanengo, ngakhalenso pamsewu wa Mchinji, mndandanda wa njinga umayamba dzuwa lisadatuluke. Kale mndandandawu udali wa alonda oweruka kuntchito yausiku, ogulitsa makala ndi nkhuni, komanso akabaza. Masiku ano mumapezekanso anthu a malaya ositidwa bwino, mwendo wa buluku ataulowetsa m'sokosi kuopa tcheni, chikwama cha laputopu chili kumsana.

Chawabweza panjinga si chinsinsi. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola imodzi idachoka pa ndalama pafupifupi K1 180 kufika pa K1 700. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo limachokera kunja, kudzera kumadoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amaligula ndi ndalama zakunja zomwe dziko lino lakhala likuzisowa. Mafuta akasowa minibasi zimagona pamzere, zotsalazo n'kukweza mtengo mmene zafunira, pomwe malipiro a wantchito ali pomwe paja. Munthu wokhala makilomita 10 kuchokera kuntchito akamapalasa mosathamanga, pa liwiro la makilomita 15 pa ola, amafika m'mphindi 40. Masiku ambiri nthawi imeneyi imatha iye adakali pasiteji kudikira kuti minibasi idzaze.

Komabe njinga nayo sidathawe dola. Tayala, chubu, tcheni, filiwilo, masipoko ndi labala wa mabuleki, pafupifupi zonsezi zimachokera kunja, makamaka ku India ndi ku China. Choncho wogula njinga lero sakungosankha yomwe yamusangalatsa m'maso. Akulosera kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi, tsiku lomwe tcheni chidzaduke, chipangizo cholowa m'malo mwake chidzapezeka pamsika wa kwawo kapena ayi, ndipo pa mtengo wotani.

Apa ndi pomwe njinga yakuda yachikale ija, ya matayala a mainchi 28 ndi giya imodzi, ikupambanabe. Kaya yalembedwa Hero, Avon kapena Humber, kapangidwe kake n'kamodzi, ndipo mmisiri aliyense wokonza njinga patsinde pa mtengo, ku Mitundu kaya ku Chinsapo, akhoza kuimasula yonse n'kuimanganso ndi masipanala atatu. Zipangizo za ina zimalowa pa inzake. Kufooka kwake kuli m'mabuleki. Timitengo tachitsulo timakoka labala kuti agwire limu, yomwenso ndi yachitsulo chosalala. Mvula ikanyowetsa limuyo, labala amangotsetsereka, ndipo njinga yosenza katundu imafuna mtunda wautali kuti iime. Vuto lina n'lakuti zambiri zotsika mtengo zomwe zadzaza m'masitolo zimabwera ndi masipoko opyapyala. N'chifukwa chake wakabaza wodziwa ntchito yake akagula njinga yatsopano sanyamulirapo munthu tsiku lomwelo. Amayamba wapita kwa mmisiri kuti alukenso gudumu lakumbuyo ndi masipoko onenepa, kenaka kwa wowotcherera kuti alimbitse kaliyala. Mtengo weniweni wa njinga yotere umadziwika ikatuluka kwa amisiri awiriwa.

Anthu a m'maofesi ambiri maso awo ali pa njinga zamagiya, makamaka za kaunjika zochokera kumaiko a ku Ulaya ndi ku Japan. N'zopepuka, zimakwera mtunda mosavuta, ndipo kunena mosapsatira, zimachotsa manyazi kwa munthu amene akuopa kuti anzake amuyesa wogulitsa makala. Koma walira mvula walira matope. Kachipangizo kosinthira magiya kamalendewera pafupi ndi dothi, ndipo njinga ikangogwera mbali imeneyo kamodzi kamapindika. Ya matayala a mainchi 26 ndi yabwinoko popeza matayala ndi machubu ake amapezeka m'misika yambiri. Ya mainchi 27.5 kapena 29, kapenanso ya timatayala topyapyala tampikisano, imatha kukhala m'nyumba masabata chifukwa cha chubu chimodzi. Chimodzimodzinso ya mabuleki oyendera mafuta: amagwira bwino zedi, mvula kaya dzuwa, koma akadontha amisiri odziwa kuwakonza ndi owerengeka.

Yoyenera kuichenjerera kwambiri ndi ija yatsopano yonyezimira, ya masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo, yogulitsidwa motsika mtengo. Masipuling'i ake ndi okometsera chabe. Amawonjezera kulemera, amadya mphamvu ya wopalasa, ndipo nthawi zambiri njingayo ilibe pomangira kaliyala. Njinga yopanda kaliyala m'dziko muno, momwe munthu pochoka kuntchito amadzera kuchigayo kapena kumsika, ntchito yake ndi yochepa.

Palinso njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2005. Izi adazipangira dala misewu yafumbi ya mu Africa. Kaliyala wake adamupanga kuti asenze makilogalamu 100, ndipo buleki yake ili m'kati mwa habu yakumbuyo, yogwira munthu akapalasa chobwerera, kotero kuti mvula siisokoneza. Koma njingayi payokha imalemera makilogalamu oposa 20, mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi za m'masitolo wamba, ndipo buleki yotereyi imatentha potsika mtunda wautali ndi katundu.

Ndiye kuti yankho limasiyana malinga ndi komwe munthu akukhala. Ku Lilongwe, komwe malo ndi athyathyathya koma madera ndi otalikirana, giya imodzi ndi yokwanira, monganso ku Salima, Mangochi, Karonga ndi kuchigwa cha Shire. Ku Blantyre ndi nkhani ina. Wochokera ku Bangwe, Chilobwe kapena kumtunda kwa Ndirande ndi njinga ya giya imodzi amatsika ngati mphepo, pobwerera n'kuikankha theka la ulendo. Mitunda yomweyi ndi yomwe idachititsa kuti kabaza wakapalasa asazike mizu mumzindawu monga adachitira ku Mzuzu, komwe amamutcha Sacramento, ndipo mpata womwe adausiyawo udatengedwa ndi njinga zamoto.

Chodabwitsa n'chakuti chipangizo chomwe ambiri amachinyalanyaza ndi chomwe chili chotsika mtengo kuposa zonse: nyali. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti faifi, pamene ambiri amaweruka 5 koloko. Ulendo wobwerera kunyumba umathera mumdima, m'misewu yomwe magetsi ake ambiri sayaka. Dalaivala amene wathobwa m'maso ndi magetsi a galimoto yobwera kutsogolo saona njinga yakuda yokwera munthu wa jekete lakuda kufikira atayandikira kwambiri. Kanyali kofiira kakumbuyo kotchajira pa chingwe cha foni, ndi kansalu konyezimira pamsana kapena pakakolo, zimapereka kwa dalaivalayo masekondi angapo oti apatuke. Chipewa choteteza mutu n'chofunika, koma chimagwira ntchito ngozi itachitika kale. Amene ndalama zamuperewera kuti agule zonse ziwiri mwezi umodzi, ayambe ndi nyali.

Koma ngakhale munthu atasankha bwino chotani, sangagule msewu. Malinga ndi lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la m'chaka cha 2023, anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi zamoto, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Bungwe lomweli limati mwayi woti woyenda pansi afe akagundidwa ndi galimoto umachuluka kanayi ndi theka liwiro likachoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola. Wapanjinga alibe chomutchinga choposa cha woyenda pansi.

M'misewu yathu yakale vuto ndi kuchepa. M'malo ambiri phula lidadyeka m'mbali mpaka kufika pamzere wachikasu, n'kusiya chidikha pakati pa phula ndi dothi. Thiraki ikaimba huta kumbuyo, wapanjinga amayenera kusankha m'kanthawi kochepa: kukhalabe paphula n'kudalira chifundo cha dalaivala, kapena kudumphira m'chidikhacho ndi katundu yense. Ambiri amadumpha, ndipo malimu opindika omwe amisiri amawongola tsiku ndi tsiku amachokera pamenepa.

M'misewu yatsopano vuto ndi kukula. Mzinda wa Lilongwe wasintha nkhope m'zaka zapitazi: mphambano yosanjikizana ya ku Area 18, msewu womwe kale unkatchedwa wa Kenyatta ndi msewu wa Mzimba yomwe tsopano ili ndi mizere isanu ndi umodzi. Kwa wapagalimoto ichi ndi chitukuko chooneka ndi maso. Koma msewu wotakasuka ndi wosalala umaitana liwiro, ndipo wapanjinga wofuna kukhotera kumanja ayenera kudutsa mizere itatu ya galimoto zothamanga, kapena kulowa paraundabauti pomwe aliyense akuyang'ana galimoto inzake, osati iye. Mitengo yomwe idadulidwa m'mbali mwa msewu wa Kenyatta m'chaka cha 2021, anthu n'kudandaula kwambiri, wapagalimoto amaikumbukira ngati chokongoletsa mzinda; kwa wopalasa m'dzuwa la Okutobala udali mthunzi. Ndipo pomwe pali kanjira kapambali, sikachedwa kusanduka poimika galimoto, potsitsira anthu minibasi kapena poyala malonda. Mzere wa penti suletsa aliyense. Chimaletsa ndi kakhoma ka simenti kolekanitsa njirazo, komanso wapolisi amene amaona kuti kuimika galimoto pamenepo ndi mlandu.

Sikuti boma silidziwa. Ndondomeko yaikulu ya zamtengatenga ya dziko lino, ya zaka za 2017 mpaka 2037, imatchula oyenda pansi ndi apanjinga ngati anthu oyenera kuganiziridwa pomanga misewu. Koma pomwe makhonsolo a mizinda akhala akuonetsa mphamvu pa nkhani ya njinga ndi poletsa akabaza kulowa m'kati mwa tauni ndi kuwalanda njinga. Zoletsazo zimagwira masabata angapo, kenaka zimazilala, pakuti anthu ofuna kunyamulidwa alipobe ndipo anyamata ofuna ntchito alipobe.

Ena amati wapanjinga alibe pakamwa chifukwa salipira msewu. N'zoona kuti ndalama zokonzera misewu zimachokera ku msonkho wa pamafuta ndi kuzipata zolipiritsa monga cha pa Chingeni ku Ntcheu ndi cha pa Kalinyeke ku Dedza, ndipo njinga yakapalasa siponyako kanthu. Koma chimawononga phula ndi kulemera kwa galimoto, ndipo akatswiri a misewu amati kuwonongekako kumakula mowirikiza kwambiri kulemera kukamakwera, kotero kuti njinga zikwizikwi sizifika pa thiraki imodzi yodzaza. Kuwonjezera apo, aliyense wopita kuntchito panjinga wasiya lita ya petulo yomwe dziko likadaifunira dola. Mzinda wa Nairobi ku Kenya udavomereza mfundo imeneyi m'chaka cha 2015, pomwe udalemba m'ndondomeko yake kuti 20 peresenti ya ndalama za misewu zizipita ku njira za oyenda pansi ndi apanjinga. Kukwaniritsa lonjezolo kwakhala kovuta, komabe nzika zili ndi nambala yoti zigwirepo atsogoleri awo.

Pali mavuto ena awiri omwe safuna mabiliyoni. Loyamba ndi poimika. Ofesi, banki ndi sitolo yaikulu iliyonse ili ndi malo a galimoto, ena olembedwa maudindo a mabwana, koma wapanjinga amaimangirira kumpanda kapena kumtengo, kapena kupempha mlonda kuti amuyang'anire pomulonjeza kangachepe. Njinga ikabedwa kuipeza n'kovuta, popeza eni ake ambiri sadziwa kuti pafulemu pamakhala nambala yodindidwa, kawirikawiri pansi pomwe pamazungulira mapedulo kapena pafupi ndi chishalo. Kuilemba nambalayo ndi kuijambula pafoni tsiku logula ndi umboni wokhawo womwe ungathandize kupolisi.

Lachiwiri ndi kuyenda nayo ulendo wautali. Wofuna kupita nayo kumudzi patchuthi, kuti akathe makilomita omaliza kuchokera pamsewu waukulu osalipira kabaza, amapeza kuti minibasi ilibe malo ake, ndipo m'mabasi ambiri mtengo wonyamulira njinga umatuluka m'kamwa mwa kondakitala malinga ndi mmene wamuonera mwini wake. Ikalowa pansi pa basi, matumba a chimanga amaisanjikiza pamwamba. Odziwa amachotsa gudumu lakutsogolo ndi mapedulo, kutembenuza mahandulo kuti agone motsata fulemu, ndipo ngati ndi yamagiya amaigoneka mbali ya tcheni ili kumwamba. Makampani a mabasi atangopachika mtengo wodziwika pakhomo la ofesi yogulitsira matikiti, mikangano ya padepoti ikadachepa.

Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, ndipo makhonsolo amakonza mabajeti awo miyezi ingapo tsikulo lisadafike. Khansala wa ku Chinsapo kapena ku Area 25 sangalonjeze petulo wotsika mtengo. Koma angathe kufunsa pamsonkhano wa bajeti kuti ndi ndalama zingati zomwe zaikidwa kuti m'mbali mwa msewu wa Likuni ndi wa ku Kanengo muthiridwe phula lotchingidwa ndi kakhoma, ndi kuti mipope yachitsulo yomangirirapo njinga izikidwa liti pamsika waukulu wa Lilongwe.