Mpamba wathu usagone m'pulasitiki ya mafilimu

Abale athu pagulu pano, amalonda ndi madalaivala nonse, tiyankhulepo pa geni yomwe yayamba kulowa m'malo ogona alendo kuno ku Kariakoo. Pali anyamata akuyenda ndi zimbale za mafilimu zomata bwinobwino m'pulasitiki, zina zili m'timabokosi tachitsulo tonyezimira. Akuti ndi zapadera, zinapangidwa zochepa. Akuti gulani, musatsegule, mukasunge m'nyumba zaka zisanu, mudzagulitsa mtengo wa galimoto. Ndiye tikuona ena mwa ife ayamba kutapa pa ndalama yopikulira zitenje ndi nsapato. Ife tikuti ayi, musatero.

Nkhani yomwe akukuonetsani pafoni ndi yoona, sitikukana. Mu June 2022, kampani yogulitsa zinthu pa okishoni ya Heritage Auctions ku Dallas, m'dziko la America, inagulitsa tepi yosatsegula ya filimu ya Back to the Future pa madola 75,000. Koma zomwe sakukuuzani ndi izi: tepiyo inali ya Tom Wilson, mmodzi mwa anthu omwe anasewera mufilimu momwemo. Ogula analipira dzina la mwini wake, ndi chitsimikizo cha akatswiri oyeza kuti pulasitikiyo ndi ya kufakitale. Chimbale chomwe mwagula pa khonde la gesiti, mwini wake ndi ndani? Anachiyeza ndani? Ngakhale kwawo komweko msikawu siwodalirika. Mu 2021 gemu yosatsegula ya Super Mario 64 inagulidwa pa madola oposa 1.5 miliyoni, koma pambuyo pake mitengo ya magemu otere inatsika kwambiri, omwe analowa mochedwa n'kutsala akudandaula.

Tibwerere kwathu. Ife omwe tayenda msewu uno kwa nthawi yaitali tinaona kale m'mene chimbale chimafera. Nthawi ya Steven Kanumba, katoni ya mafilimu a ku Tanzania ndi ku Nigeria simagona. Ukatsika nayo ku Karonga kapena ku Mzuzu, eni zibanda za kanema anali atakudikira kale pa depoti. Kanumba anamwalira mu April 2012, ndipo zaka zotsatira anyamata okopera mafilimu pa kompyuta anadzaza pamsika paliponse. Munthu ankangobwera ndi flashi kapena memole khadi, n'kulowetsa mafilimu khumi pa mtengo wochepera chimbale chimodzi. Ife tinatsala ndi makatoni pansi pa bedi, osatsegula ndithu, pulasitiki ili nganinganii. Palibe anabwera kudzatiuza kuti zakwera mtengo. Zina ana anazimangirira m'munda kuopsezera mbalame.

Wina anena kuti zimenezo zinali zimbale wamba, izi ndi zosowa, ndipo poti makampani akusiya kupanga, zidzadula. N'zoona kuti akusiya. Netflix inasiya kutumiza ma DVD mu September 2023, ndipo sitolo zikuluzikulu za Best Buy ku America zinasiya kugulitsa mafilimu a pa chimbale mu 2024. Koma anasiya chifukwa ogula anachepa. Kusowa kwa chinthu pakokha sikubweretsa kasitomala. Tiuzeni, mu Lilongwe, mu Chipata, mu Tete, ndi ndani amene adzatulutse ndalama ya thumba la feteleza kugula filimu yoti sadzaionera? Okonda kusunga zoterezi ali ku America, ku Ulaya ndi ku Japan. Kuti muwapeze muyenera kugulitsa pa eBay, kulipira kotumizira, kudulidwa gawo la ogulitsitsa, kenako kuvutika kuti ndalamayo ifike mu akaunti yanu. Ndipo wogula wa ku London akangoona kakona kamodzi kophwanyika, akubwezerani katundu.

Kakona kophwanyika kameneko katikumbutsa za msewu. Madalaivala, inu ndi mboni. Kuchoka Dar es Salaam kudutsa Morogoro, kukwera mapiri a Kitonga, Iringa, Mbeya mpaka pa Kasumulu, katoni imapondedwa kangati? Imanyowa kangati? Pa Songwe ofisala ali ndi mphamvu yotsegula katundu kuti aone zomwe zili mkati. Mudzamuuza kuti bwana musang'ambe pulasitiki, chuma changa chili pamenepo? Katundu amene mtengo wake wonse uli pa kapepala kopyapyala ngati khungu la anyezi si katundu wa pa lole. Osaiwalanso chinyezi ndi kutentha kwa kuno kugombe, komwe kumafufutsa mapepala ngakhale ali m'kabati.

Chomwe chikutipweteka kwambiri ndi ichi. Lamulo lathu loyamba pa geni ndi kuyesa katundu. Foni timayatsa, nsapato timaona ngati zili za mwendo umodzi, belo timalikayikira mpaka titalidula. Apa akutigulitsa chinthu chomwe lamulo lake ndi lakuti usachitsegule. Makina omatira pulasitiki amagulitsidwa m'masitolo momwemuno, ndipo aliyense angathe kumata chimbale chabodza, ngakhale bokosi lopanda kanthu. Mudzadziwa patapita zaka zisanu, mnyamata uja atasintha nambala kalekale.

Ndiye werengerani nokha. Ndalama yomwe mungaigoneke zaka zisanu, mu zitenje imazungulira mwezi ndi mwezi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anapulumuka ndi omwe anali ndi katundu woyenda, wosintha mtengo lero n'kugulitsa mawa. Wokhala ndi katundu wopanda wogula analibe chosintha.

Sitikunyoza wokonda mafilimu. Nafenso tili ndi zimbale zenizeni za Kanumba zomwe sitingagulitse, ndipo timaziika pa Khirisimasi ana n'kumaseka zovala za nthawi imeneyo. Ngati mtima wafuna, gulani chimodzi ndi ndalama ya m'thumba, mukatsegule, mukaonere ndi banja. Koma ndalama ya oda, ya fizi, kapena ya ngongole ya banki m'khonde isapite kumeneko.

Mnyamatayo akabweranso pa gesiti, mufunseni funso limodzi lokha: ngati zidzadula chonchi, bwanji osasunga yekha? Zomwe ayankhe mutilembere pansipa.