Nyumba zakale nazonso ndi mabuku

Mphunzitsi mnzanga, kodi munayamba mwatulukapo ndi ophunzira anu kukaona nyumba yakale ya m'dera lanu? Ambirife timaphunzitsa mbiri ndi choko basi, chonsecho mbiriyo ili chiimire kuseri kwa msika. Maganizo anga ndi akuti pa teremu iliyonse pazikhala tsiku limodzi loyenda, ndipo tsiku limenelo si lotayika ayi.

Tiyeni titenge chitsanzo cha Blantyre. Mmawa mukhoza kuyambira pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene anatsogolera ntchitoyi ndi mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za zomangamanga. Njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa konkuno, ndipo n'zamitundu yambirimbiri. Masana mukafike ku Mandala House, nyumba yosanja ya kampani ya African Lakes, yomangidwa mu 1882. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi amene John Moir, mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo, ankavala. Taonani, dzinalo anapereka ndi anthu athu, ndipo lilipobe.

Mwina mukuti, "Zimenezo ndi nyumba za atsamunda, ife zitikhudza bwanji?" Funso labwino. Koma tandiuzani, ndani anakumba dothi? Ndani anaponda matope, kutema nkhuni zootchera njerwa ndi kukwera pamwamba kukayala chipupa? Mabuku amatchula Scott, koma amisiri a kuno amene anagwira ntchitoyo satchulidwa kawirikawiri. Ku Zimbabwe atsamunda anafika pokana kuti Aafirika ndiwo anamanga malinga amiyala a Great Zimbabwe. Tikaleka kupita kumalo otere, ndiye kuti tavomera kuti mbiri yake ikambidwe ndi ena.

Nanga kuwerenga ndi kulemba kukulowa pati? Ife a sukulu za kwacha timadziwa kuti munthu wamkulu amagwira msanga mawu ochokera m'moyo wake. Mukaima pakhomo la nyumba yakale, mawu ngosasowa: denga, khomo, njerwa, zenera. Tengani "denga", muligawe kuti de-nga, kenaka da, de, di, do, du. Chaka cholembedwa pachipupa ndi samu kale: chotsani 1891 ku chaka chino. Pobwerera, ophunzira ajambule pansi mapu a njira imene ayenda, monga timachitira mu njira ya REFLECT, ndipo alembepo maina a malo.

Chinanso n'chakuti m'kalasi mwanu simulephera kukhala woumba njerwa, mmisiri wa matabwa kapena mayi wodziwa kuzira. Pa bolodi amakhala chete, koma pachipupa ndiye mphunzitsi. Mulekeni afotokoze chifukwa chake chipupa china chikung'aluka pamene china chili gwa. Munthu amene waphunzitsako anzake lero, mawa sajomba.

Tsikulo lisathere pa njerwa zokha. Dyerani limodzi pamsika, mumve zinenero zimene zikuyankhulidwa pamenepo. Ngati kwaya ikuphunzira nyimbo, khalani pansi mumvetsere. Koposa zonse, funani agogo a pafupi akuuzeni zimene anamva kwa makolo awo. Paja akuluakulu ndi mdambo mozimira moto, koma sadzakhala nafe mpaka kale. Akapita, nkhani zawo zimapita nawo pokhapokha wina atazilemba.

Za ndalama ya basi musadandaule. Simuyenera kupita ku Blantyre. Kwanuko kuli mzikiti wakale, siteshoni ya sitima, sitolo yakale, sukulu ya mishoni, ngakhale nkhokwe yoluka mwaluso. Kaya muli ku Chipata, ku Tete kapena ku Nkhotakota, chilipo chimene mungachifikire wapansi. Chofunika ndi ulemu: yambani mwapempha kwa amfumu, kwa abusa kapena kwa ashehe, ndipo musalowe nthawi ya mapemphero.

Tsono sabata ino funsani ophunzira anu kuti: kodi nyumba yakale kwambiri kuno ndi iti, ndipo anaimanga ndani? Lembani mayankho onse pa bolodi. Akatsutsana, eya, phunziro layamba. Sankhani tsiku, mupite mukaone.