Mutu wosamva Panado si wa ufiti

Matenda oumitsa khosi otchedwa cryptococcal meningitis akhala akupulula anthu ambiri amene ali ndi kachilombo ka HIV m'dziko muno. Amayamba ngati zocheza: mutu kupweteka kwa masiku angapo, kutentha thupi, kusanza, kenaka munthu n'kuyamba kuyankhula zosamveka. Zikafika apa achibale ambiri amaganiza za ufiti, ndipo ulendo woyamba umakhala wa kwa sing'anga.

Chonsecho chimayambitsa matendawa ndi kabowa kosaoneka ndi maso, kopezeka m'dothi ndi m'zitosi za mbalame. Anthu sapatsirana. Amagwira kwambiri munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsikiratu, makamaka amene sadayezetse magazi kapena adasiya kumwa ma ARV.

Nkhani yabwino ndi yoti madokotala adapeza njira yosavuta yochizira matendawa, ndipo Amalawi adatengapo mbali. Kafukufuku wotchedwa AMBITION, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu March 2022, adakhudza odwala 844 m'maiko a Malawi, Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Kuno kwathu adachitikira pazipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kale wodwala ankalandira diripi ya mankhwala a amphotericin B masiku 7 otsatizana, ndipo mankhwalawa ankatha kuononga impso komanso kuchepetsa magazi. Njira yatsopano ndi ya diripi imodzi yokha ya mtundu wina wa mankhwala omwewa, kuphatikiza mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14. Patatha masabata 10, odwala pafupifupi 25 mwa 100 aliwonse amene adalandira diripi imodzi adamwalira, pamene mwa olandira njira yakale adali pafupifupi 29. Ochita kafukufuku adati njira yatsopanoyi ikuchiza mosasiyana ndi yakale koma zovuta zake m'thupi n'zochepa. Chaka chomwecho bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidaivomereza.

Kwa banja la ku Mpamba, Kande, Chintheche kapena Usisya m'boma la Nkhata Bay, nkhaniyi si yakutali. Munthu wamkulu akagonekedwa m'chipatala, womudikirira amasiya geni ndi munda wa chinangwa, ndipo ndalama ya pakhomo imathera m'mayendedwe ndi chakudya. Chithandizo chopepuka chimachepetsa mtolo umenewu.

Komabe ziwerengero zomwezi zikuchenjeza. Ngakhale pansi pa madokotala odziwa bwino ntchito, wodwala mmodzi mwa anayi aliwonse adamwalira. Apa mpoonekeratu kuti tsiku lililonse limene wodwala akugona pamphasa kunyumba n'kumamwa Panado, mwayi wake wochira ukuchepa.

China chimene chimabweza anthu m'mbuyo ndi mantha a kuchotsa madzi a mumsana. Mphekesera imati amene wachotsedwa madziwa sadzuka. Zoona zake n'zakuti madziwa ndiwo amathandiza dokotala kudziwa matenda, ndipo akachuluka amapanikiza bongo, n'chifukwa chake mutu umawawa kwambiri. Kuwachotsa kumachepetsa ululu ndipo kumapulumutsa moyo. Wachibale amene akukaniza dokotala kuchita zimenezi adziwe kuti akutsekera m'bale wake khomo.

Asodzi amene amatsata usipa m'madoko akutali aziyamba atenga ma ARV okwanira asadanyamuke. Amene adasiya kumwa abwerere kuchipatala ndipo anene zoona, manyazi sachiza. Munthu amene CD4 yake yatsika kufika pansi pa 200 ayenera kuyezedwa magazi kuti aone ngati kabowaka kalowa kale, pakuti kakapezeka msanga mapiritsi amatha kukagonjetsa kasadafike kubongo.

Unduna wa zaumoyo nawo uli ndi mbali yake. Uonetsetse kuti zipangizo zoyezera zikupezeka m'zipatala zazing'ono ngati cha Mpamba, komanso kuti diripi ndi mapiritsi aja sakusowa pachipatala chachikulu cha Nkhata Bay, kuti wodwala asamadikire ambulansi yopita ku Mzuzu. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi asing'anga omwe athandize kuuza anthu kuti mutu wopitirira masiku angapo ndi wa kuchipatala.

Odwala a ku Blantyre ndi ku Lilongwe adadzipereka kuti njira imeneyi idziwike padziko lonse. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti munthu wa ku Mpamba azimwalirabe ndi matenda amene mankhwala ake adayesedwa m'dziko mwake momwe.